Makope a amalume ndi mbiri ya nyimbo za m'tchalitchi ku Chigwa cha Shire

Amalume anga anali ndi makope. Makope wamba a ana asukulu aja, omwe ankawakuta ndi pepala la thumba la simenti kuti asanyowe ndi thukuta. Loweruka lililonse madzulo, dzuwa likayamba kupepa, ankakhala pansi pa mtengo wa nimu ali ndi Baibulo, buku la nyimbo ndi bolopeni, n'kulemba dongosolo la mawa lake: tsiku, mawu amene akawerengedwe, nyimbo yolowera, ya chopereka, yotulukira, ndi dzina la woyambitsa iliyonse. Lamulungu akaweruka ankabwerera patsamba lomwelo kukalemba mmene zayendera. "Tinaikweza kwambiri, amayi alephera." Pena: "Anthu sanayimbe, dzulo anachezera pasiwa." Kumapeto kwa kope lililonse ankalembako mawu a makolasi a Chisena ndi Chimang'anja omwe simungawapeze m'buku lililonse losindikizidwa.

Anatsogolera kwaya ya katchalitchi kathu, kutsidya la kum'mawa kwa Shire kufupi ndi Makhanga, kwa zaka pafupifupi 30. Mu January 2015 madzi anabwera usiku. Ruo anasiya njira yake, anthu anakwera m'mitengo ndi pazulu, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 200,000 anasowa pokhala. Nditawapeza amalume kumsasa patapita masiku, nditaona kuti onse ali moyo, ndinafunsa funso lachibwana.

"Amalume, nanga makope aja?"

"Apita ku Chinde, mphwanga. Akaphunzitse kwaya nsomba."

Anaseka, koma ine sindinaseke. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufufuza komwe inachokera ntchito imeneyi, yoti munthu mmodzi akhale pansi Loweruka n'kusankha zimene mudzi wonse ukayimbe mawa. Zimene ndapeza ndi izi.

Manda a m'mbali mwa mtsinje

Mbiri ya Chikhristu cha masiku ano kuchigwa kuno imayamba ndi bwato logubuduka, ndipo malo ake ndi omwewo amene anameza makope a amalume. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie anafika ndi gulu la Universities' Mission to Central Africa, motsogozedwa ndi David Livingstone, n'kukakhazikika ku Magomero. Mu January 1862 bishopuyo anatsika ndi Shire pamodzi ndi wansembe mnzake Henry Burrup kuti akakumane ndi Livingstone pomwe Ruo amathira mu Shire. Panjira bwato linagubuduka ndipo mankhwala a malungo anapita ndi madzi. Pa 31 January 1862 Mackenzie anamwalira pachilumba cha Malo, kufupi ndi Chiromo.

Chimene chimandikhudza ndi mmene anamuikira. Kunali kutada kale, ndipo Burrup, yemwenso malungo anali atamufoola, sanathe kuona zilembo za m'buku la mapemphero. Ananena zimene anakwanitsa kukumbukira pamtima, basi. Mwambo wa maliro a bishopu woyamba wa dziko lino unayenda popanda buku. Burrup naye anamwalira patangopita masabata ochepa.

Otsala anasamuka ku Magomero chaka chomwecho n'kudzakhala pamudzi wa Chibisa, ku Chikwawa. Anafika nthawi yoipa. Chilala ndi nkhondo za ukapolo zinabweretsa njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, mitembo ikuyandama mu Shire. Henry Scudamore, yemwe anzake ankati ndiye anagwira bwino Chimang'anja, anamwalira pa 1 January 1863, ndipo dokotala wawo John Dickinson anatsatira mu March. Manda awo alipo mpaka lero ku Chikwawa. Bishopu watsopano, William Tozer, anasamutsira mishoni kuphiri la Morambala, kenako ku Zanzibar mu 1864. Anthuwa ankapemphera m'Chingelezi tsiku ndi tsiku, eni dera akuonerera. Anachoka asanasiye mpingo woyimba m'chilankhulo cha kuno.

Sikuti chigwa chinali chete. Ku Khulubvi, ku Nsanje, anthu ankapempha mvula kwa Mbona ndi nyimbo kuyambira kalekale. Opalasa ngalawa anali ndi nyimbo zawo, amayi pamtondo anali ndi zawo, pamaliro ndi pachinamwali panali zakenso. Nyimbo iliyonse inali ndi nthawi yake ndi woyambitsa wake, ndipo woyimba nyimbo ya pamaliro pa ukwati ankadzudzulidwa. Ndiye kusankha nyimbo yoyenera tsiku ndi luso limene makolo anali nalo kale azungu asanafike.

Do, re, mi pabolodi

Ana oyamba a kuchigwa kuphunzira nyimbo za m'tchalitchi anakaziphunzirira kumtunda. Amakololo amene Livingstone anawasiya ku Chikwawa anasanduka mafumu, ndipo mishoni ya Blantyre itayamba mu 1876, mafumu ngati Kasisi ndi Chipatula anatumizako ana awo kusukulu. Kuchigwa kwenikweni mishoni zinachedwa kukhazikika, poopa kutentha ndi udzudzu. A South Africa General Mission anayamba ntchito ku Lulwe mu 1900, kenako ku Chididi, ndipo onani kuti malo onse awiriwa ali m'mapiri a Nsanje, komwe kumapita kamphepo. Mpingo umene unabadwa pamenepo ndi Africa Evangelical Church. Akatolika a chipani cha Montfort, omwe anafika ku Nzama mu 1901, anatsegula mishoni ya Chikwawa mu 1918 ndi ya Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, mu 1921.

Sukulu ya kumudzi inali tchalitchi, tchalitchi inali sukulu, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye ankalalika ndi kuyimbitsa. Chida chake chachikulu chinali solofa, njira yolembera nyimbo ndi zilembo d, r, m, f, s, l, t. Njirayi anaifalitsa ndi m'busa wa ku England, John Curwen, m'zaka za m'ma 1840, potengera ntchito ya mayi Sarah Glover wa ku Norwich. Ubwino wake unali wakuti sinkafuna limba kapena pepala lapadera. Choko ndi bolodi zinali zokwanira, ngakhale chala ndi mchenga. Mphunzitsi mmodzi ankatha kugawa ana m'mawu anayi, sopulano, alito, tena ndi besi, pansi pa mtengo.

Mu 1916 mishoni zingapo zachipulotesitanti zinagwirizana kutulutsa buku limodzi la Nyimbo za Mulungu, ndipo mu 1922 Buku Lopatulika linatuluka lathunthu. Apa m'pamene ntchito ya amalume inabadwira. Nyimbo zikakhala ndi manambala, munthu atha kulemba dongosolo la chaka chonse pakapepala, ndipo mlendo wochokera ku Ntcheu atha kulowa m'tchalitchi ku Tengani n'kuyimba nawo. Chinali chinthu chachikulu ndithu.

Koma bukulo linabwera ndi mavuto ake awiri. Loyamba ndi la maimbidwe. Nyimbo zambiri zinali zomasulira, mawu a Chinyanja ovekedwa pa maimbidwe a ku Britain ndi America. Chilankhulo chathu chimatsamira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: timati mu-LU-ngu, chi-KO-ndi. Nyimbo zambiri zachingelezi zimagunda pa phatikizo lomaliza la mzere. Zotsatira zake, timayimba mawu mokhota, mmene sitingawalankhulire kunyumba. Omasulira ankadulanso mawu kuti akwane, ndiye chifukwa chake m'nyimbo timati Mlungu ndi Mbuye. Onjezani nkhani ya kukweza ndi kutsitsa liwu: mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga kumsika amalembedwa chimodzimodzi, khutu ndilo limasiyanitsa. Maimbidwe achilendo sasamala zimenezo.

Vuto lachiwiri linali lathu lathu la kuchigwa. Anthu ambiri ku Nsanje ndi kummwera kwa Chikwawa amalankhula Chisena. Ankaphika, kukangana ndi kulira m'Chisena, koma polankhula ndi Mulungu ankayenera kusintha lilime. Kumpoto zinayenda mosiyana. Ku Loudon, m'busa Donald Fraser ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo, ndipo anthu ngati Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anatenga maimbidwe a Chingoni ndi Chitumbuka n'kuwalowetsa m'tchalitchi. Nyimbo zawo zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu ndipo zikuyimbidwabe. Nyimbo zopekedwa kuchigwa kuno zambiri zinangokhala pakamwa.

Ng'oma inadikira panja

Agogo anga aakazi ankanena kuti ali mtsikana, munthu ankatha kuimitsidwa mumpingo chifukwa chopezeka pabwalo la gule. Kwa amishoni ambiri ng'oma inali ya mizimu, ya mowa ndi ya zinyau, ndiye inalibe malo m'nyumba ya Mulungu. Kwa Akatolika kunali kovutirapo, poti Misa inkachitika m'Chilatini. Tangoganizani mlimi wa thonje wa ku Ngabu, thukuta lili kamukamu, akuyimba mawu omwe sakuwamva ngakhale limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo alendo ena ankayenda mitunda italiitali kudzamvera zimene tchalitchi inkakana. Hugh Tracey, yemwe anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anajambula nyimbo za m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, kuphatikizapo ng'oma za likhuba za m'boma la Port Herald. Mwana wake Andrew Tracey analemba mu 1991 za kaimbidwe ka valimba ya Asena, ulimba wautali uja womwe anthu angapo amaimba nthawi imodzi, wina aliyense ndi gawo lake, magawowo n'kumalukana. Zojambulazo zikusungidwa ku Rhodes University, ku South Africa. Zimandiwawa pang'ono kuti likhuba la agogo athu ndi losungika bwino kumeneko kuposa kwathu kuno.

Panalinso wansembe wa Montfort wochokera ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, yemwe anafika m'dziko muno mu 1955 n'kudzagwira ntchito kuchigwa. M'malo mongodzudzula za ku Khulubvi, anakhala pansi ndi akuluakulu n'kumvetsera. Anapeza kuti anthu ena ankamutcha Mbona kuti Yesu wakuda, kusonyeza kuti m'mitima mwawo zinthu ziwirizi zinali zitayamba kale kulankhulana, ansembe asanavomereze. Buku lake la mbiri ya Mbona, River of Blood, linatuluka mu 1992.

Khomo linatseguka pa 4 December 1963, pomwe msonkhano waukulu wa Vatican II unatulutsa chikalata cha chipembedzo chololeza zilankhulo za anthu eni ake ndi kulemekeza maimbidwe a mitundu yawo. Mu 1965 Chikwawa inakhala dayosizi payokha, bishopu woyamba ali Eugen Vroemen, yemwe anatsatidwa ndi Felix Mkhori, kenako Peter Musikuwa. Pang'onopang'ono ng'oma, maseche ndi nthungululu zinalowa mu Misa. Mipingo ina inatsatira, ina mwachangu, ina mokokakoka. Kwathu, amalume amati, ng'oma inayamba kuloledwa pa nyimbo ya chopereka yokha, ndipo mkulu wa mpingo wina ankatuluka panja mpaka ithe.

Chisena chokha chinadikirabe. Mu 1968 boma linalamula kuti Chichewa ndicho chilankhulo cha dziko, ndipo ambiri a ife tikudziwa abale omwe atafika ku Blantyre anabisa Chisena chawo ngati chilonda. Nkhani za m'Chisena zinadzayamba kumveka pa MBC mu 1996.

Alendo ochokera kutsidya

Amalume amati amene anawaphunzitsa kuyimba m'Chisena m'tchalitchi mopanda manyazi ndi othawa nkhondo. Kuyambira 1986 anthu a ku Mozambique anakhamukira kuno pothawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. M'dziko lonse anapitirira 1 miliyoni, ndipo ku Nsanje anachuluka kuposa eni boma. Misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu inali ngati matauni. Ambiri anali abale athu enieni, a Chisena chomwechi, ongolekanitsidwa ndi malire.

Anthuwa anabwera opanda mabuku. Anabwera ndi makolasi afupiafupi, wina kuyambitsa onse n'kuvomera, m'manja mukuwombedwa. Lamulungu lina amalume anakonza nyimbo zinayi za m'buku monga mwa nthawi zonse, koma tchalitchi inadzaza ndi alendo omwe sankadziwa nambala ngakhale imodzi. Kwaya inayimba yokha, anthu ali duu. Pa chopereka mayi wina wachikulire kumbuyo anangoyambitsa kolasi yakwawo, ndipo nyumba yonse inavomera, ndi eni mudzi omwe. Amalume amati madzulo ake anatsegula tsamba lomaliza la kope, napita kwa mayiyo kukawapempha kuti awatchulire mawu. Mlendo ndi amene adza ndi kalumo kakuthwa.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, alendo aja anabwerera kwawo m'zaka zotsatira. Makolasi anatsala. Ndi amenewo anadzaza masamba akumapeto a makope aja, pamodzi ndi ena opekedwa ndi amayi a m'mudzi mwathu, ena a iwo osadziwa kulemba dzina lawo.

Kiyibodi ndi fulashi

Ife tinakulira nthawi ina. Kiyibodi inafika, kenako jenereta ndi masipika, kenako situdiyo. Kwaya iliyonse inayamba kulota zojambula chimbale, yunifolomu yatsopano ndi vidiyo yovina m'mbali mwa mtsinje. Sindikunyoza, ine ndemwe ndinagwirapo kiyibodi. Ndipo situdiyo inathandiza kuchotsa manyazi aja: malemu Joseph Tembo, woyimba ndi wojambula nyimbo yemwe anakhalaponso phungu wa Chikwawa Nkombezi, anaonetsa dziko lonse kuti kayimbidwe ka kuchigwa n'kokoma pa wailesi.

Koma pali chimene chinasintha osachiona. Kale wotsogolera kwaya ankafunsa kuti, mawa kuwerengedwa mawu anji, ndipo anthu ali pati? Lero ambiri timafunsa kuti, ikuvuta pa WhatsApp ndi iti? Woyimba kiyibodi amasankha kiyi yomukomera iyeyo, sipika ili pamwamba, ndipo agogo amene ayenda makilomita atatu amangokhala n'kumaonerera ngati Amang'anja a kwa Chibisa mu 1862. Magetsi akazima pakati pa nyimbo mumaona nokha: tchalitchi yonse zii, palibe woyambitsa.

Kumsasa kuja mu 2015 kunalibe kiyibodi, kunalibe buku. Madzulo anthu ankasonkhana pabwalo la sukulu, amalume n'kuyambitsa nyimbo pamtima, ngati Burrup pamanda paja. Zimene anthu ankazidziwa zinayimbika. Zimene zinkadziwidwa ndi kwaya yokha, kapena kope lokha, zinavuta. Ena mwa makolasi aja amalume anakumbukira maimbidwe koma mawu anathawa, ndipo amayi omwe anawapeka anatisiya kale.

Zimene ndinatola pansi pa nimu

Kwa inu amene mwapatsidwa kwaya, kaya ya achinyamata, ya Sande sukulu kapena ya pasukulu, nazi zimene ndinamva kwa munthu amene anagwira ntchitoyi zaka 30 osalandira tambala.

Ankayamba ndi mawu a tsikulo, nyimbo pambuyo. Akapanda kudziwa zimene zikalalikidwe, ankakwera njinga kukafunsa. Kenako ankayang'ana kalendala yachiwiri, ya kumunda. Mu February, nthawi ya njala, pomwe mabanja ena akudya nyika za m'dambo, sankasankha nyimbo zazitali kapena zokwera. Ankati munthu wa njala ali ndi mpweya wa mizere iwiri. Mu October ndi November, kutentha kukapitirira madigiri 40, pulakatisi inkachitika m'mamawa kapena dzuwa litalowa. Nthawi yotola thonje ndi yolima kudimba madzi akaphwera sankaphunzitsa nyimbo yatsopano, podziwa kuti theka la kwaya silibwera, ndipo sankakalipira munthu chifukwa chopita kumunda.

Poyambitsa nyimbo ankamvera amayi achikulire a kumbuyo, osati sopulano wake waluso. Agogo akafika pamwamba pa nyimbo osatsokomola, ndiye kuti kiyi ili bwino. Nyimbo yatsopano inkalowa imodzi pamwezi, ndipo inkayimbidwa masabata atatu otsatizana kuti mpingo uitenge. Pophunzitsa, ankayamba ndi kulankhula mawuwo onse pamodzi, monga timalankhulira kunyumba, kenako maimbidwe. Mawu akakhota moti tanthauzo lisokonekere, ankasintha kamvekedwe pang'ono, osati mawu.

Sankachititsa manyazi wosadziwa kuwerenga. Solofa ankaidziwa bwino, koma ankati ndi ndodo yoyendera, mwendo ndi khutu. Ndipo nyimbo iliyonse inkakhala ndi oyambitsa awiri, wamkulu ndi mwana, kuti wina akadwala malungo Lamulungu lisaime. Pamenepa ndi pomwe amadziimba mlandu lero. Amati nyimbo za m'buku anaziika mwa anthu awiriawiri, koma makolasi aja anawakhulupirira kope.

Madzi saiwala khwawa. Anabweranso ndi Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu March 2023, ndipo adzabweranso. Aliyense wa kuchigwa amadziwa kuti chimene chili papepala limodzi, m'nyumba imodzi ya zidina, n'chobwereka.

Amalume tsopano akhala kumtunda, maso ayamba kuchita khungu ndipo liwu lija linasasa. Ndikapita kukawaona ndimatenga foni yodzaza moto. Amayamba kolasi, n'kuima pakati, n'kutuma mwana kuti akaitane mayi wakuti amene mwina akukumbukira mzere wachiwiri. Pena mayiyo amabwera ndi mnzake, amakangana za mawu, kenako amayimba atatu. Ndikajambula ndimatumiza kwa abale ku Nchalo, ku Ndirande ndi ku Johannesburg, kuti ikhale m'mafoni ambiri, ndipo ndimauza mwana wa achemwali anga, yemwe tsopano ali mu kwaya, kuti aiphunzire pamtima.

Ulendo wathawu ndinawagulira kope latsopano. Analitembenuza, nalinunkhiza, n'kundibwezera.

"Lemba ndiwe, mphwanga. Ine ndizikuuza. Yamba ndi tsiku la lero."

Ngati kwanu kuli agogo kapena aphunzitsi akale a kwaya amene amadziwa makolasi a Chisena kapena Chimang'anja osalembedwa paliponse, pitani mukawajambule mvula isanayambe. Mukawafunsenso amene anaipeka nyimboyo, ndi chaka chake ngati akukumbukira.